Phunziro la Mwezi Uno: Chinyengo pa Malonda a Mawailesi, Mafoni ndi Makompyuta

Munthu akapita ku msika kukagula mbuzi sasowa womuuza ngati mbuziyo ili yonenepa kapena yoonda. Amaigwira pamsana, nayang'ana mano ake, ndi kuona m'mene ili kuyendera. Mayi wogula nsalu amaikoka ndi manja kuti aone kulimba kwake, ndipo wogula chimanga amapisa dzanja m'thumba kuti adziwe ngati muli anankafumbwe. Pa malonda otere wogula ndi wogulitsa adziwa zinthu molingana, kotero kuti kunyengana n'kovuta. Koma wailesi, foni ya m'manja, batire la sola ndi kompyuta ndi katundu wa mtundu wina. Ubwino wake kapena kuipa kwake kuli m'kati, ndipo ngakhale munthu atatsegula sangazindikire kanthu pa timawaya timene tili m'menemo. Wogula angodalira mawu a wogulitsa basi.

Katundu wotere anayamba kufika m'midzi ya kuno m'chaka cha 1949, pamene kampani ya Ever Ready inapanga wailesi yotsika mtengo imene inatchedwa Saucepan Special, pakuti inali yooneka ngati sefuliya. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake linali masheleni 25. Anthu ankasonkhana madzulo kumvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka imene inkaulutsa mawu m'Chinyanja ndi m'zinenero zina. Masiku ano foni ili m'thumba la mlimi, panelo ya sola ili pa denga la udzu, ndipo ndalama za fodya, za mtedza ndi za soya zili kuthera m'masitolo a zipangizo zimenezi. Chifukwa chake nkoyenera kuti anthu a m'midzi ndi aphunzitsi adziwe njira zimene amalonda ena amanyengera nazo ogula, ndiponso chifukwa chake njirazo zili zoipa ngakhale pamene wogulitsa sananene bodza lenileni. Milandu itatu imene ili m'munsimu inachitika kunja, m'masitolo aakulu ndi otchuka, ndipo inafufuzidwa ndi maboma a maiko amenewo.

Mlandu wa ku Britain

Carphone Warehouse inali kampani yaikulu yogulitsa mafoni a m'manja ku Britain. Inayambika m'chaka cha 1989, nikula kufikira inakhala ndi masitolo mazanamazana m'matauni a dzikolo. Pamodzi ndi mafoni inkagulitsanso inshuwalansi yotchedwa Geek Squad. Inshuwalansi ndi pangano lakuti munthu azipereka kandalama nthawi ndi nthawi, kuti foni yake ikabedwa, ikatayika kapena ikasweka, kampani imuthandize kupeza ina. Pangano lotere si loipa ayi, ndipo kwa anthu ena ndi lothandiza ndithu. Choipa chinali pa kagulitsidwe kake.

Bungwe loyang'anira malonda a ndalama ku Britain, la Financial Conduct Authority, linalandira mbiri kuchokera kwa anthu odziwa za m'kati mwa kampaniyo, ndipo linafufuza zimene zinachitika kuyambira Disembala, 2008, kufikira Juni, 2015. Pa zaka zimenezo kampani inagulitsa inshuwalansi ya mapaundi oposa 444 miliyoni. Bungwe linapeza kuti ogulitsa m'masitolo sanaphunzitsidwe bwino kufunsa wogula kuti adziwe ngati afunadi inshuwalansiyo. Chimene anaphunzitsidwa kwambiri ndicho kugonjetsa zifukwa za munthu wokana. Tsono anthu ambiri ku Britain ali nayo kale inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba, ndipo ena mabanki awo amatetezera mafoni awo. Munthu wotere akagulanso Geek Squad ndiye kuti ali kulipira kawiri chinthu chimodzi.

Wogula akanena kuti mwina ali nayo kale inshuwalansi, kapena kuti afuna kukaganiza kaye kunyumba, ankalangizidwa kuti angogula tsiku lomwelo, ndipo ngati saifuna adzathetse pangano asanathe masiku 14. Mawu amenewa amveka okoma ndi opanda cholakwa. Koma aliyense adziwa kuti munthu ali ndi zochita zambiri, ndipo masiku 14 sachedwa kutha. Woiwala amapitiriza kulipira chinthu chimene sanachifune. M'mwezi wa Januwale, 2014, pa mapangano 100 aliwonse, 35 anathetsedwa isanathe miyezi itatu. Chiwerengero chotere chinali chizindikiro chakuti anthu ambiri anali kugulitsidwa chinthu chosawayenera, koma akuluakulu a kampani sanachilabadire mokwanira. Bungwe linapezanso kuti madandaulo a ogula sanali kufufuzidwa mwachilungamo.

M'mwezi wa Malichi, 2019, kampaniyo inalamulidwa kupereka chindapusa cha mapaundi 29.1 miliyoni. Chikadakhala mapaundi 41.6 miliyoni, koma chinachepetsedwa popeza kampani inavomera msanga kuti mlandu uthe. Owerenga aone bwino kuti pa mlandu umenewu foni inali yeniyeni, inshuwalansi inali yeniyeni, ndipo mtengo unalembedwa poyera. Cholakwa chinali chakuti wogulitsa, amene wogula anamuyesa mlangizi, anali kuganiza za thumba la kampani lokha.

Mlandu wa ku America

M'mwezi womwewo wa Malichi, 2019, ku America kunathanso mlandu wina. Office Depot ndi kampani yogulitsa makompyuta ndi zipangizo za m'maofesi. Kuyambira 2009 kufikira kumapeto kwa 2016, masitolo ake ankaitana anthu kuti abwere ndi makompyuta awo kudzawapima kwaulere, monga muja munthu apitira ku chipatala kukapimidwa m'thupi. Kompyuta imagwidwadi ndi matenda ake, ndiwo mapulogalamu oipa otchedwa mavairasi, amene amaononga ntchito yake kapena kuba zinsinsi za mwini wake. Motero anthu ambiri anapita mokondwa.

Popima ankagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa PC Health Check, yochokera ku kampani ina, ya Support.com. Poyamba mwini kompyuta ankafunsidwa mafunso anayi: ngati kompyuta yake ili kuchedwa, ngati imaima yokha kawirikawiri, ngati imaonetsa machenjezo a vairasi, ndiponso ngati pamatuluka timauthenga tosafunika. Monga linafotokozera bungwe la boma la Federal Trade Commission, munthu akangovomera funso limodzi lokha, pulogalamu inkalemba kuti yapeza zizindikiro za matenda m'kompyutamo. Yankho limeneli silinali kuchokera pa kupima ayi, koma pa mawu amene mwini wake ananena yekha. Tsono munthu wogwidwa ndi mantha ankauzidwa kuti alipire ndalama zokonzetsera, zimene nthawi zina zinkafika madola mazana angapo.

Bungwe linanena kuti madandaulo a za pulogalamuyo anayamba kufika kwa akuluakulu kuyambira 2012, ena ochokera kwa antchito awo omwe, koma malonda anapitirira. M'chaka cha 2016 atolankhani a wailesi ya kanema ya KIRO ku Seattle anatenga makompyuta atsopano, ongotuluka kumene m'makatoni, napita nawo kukapimitsa, ndipo ena mwa iwo ananenedwa kuti ali ndi zizindikiro za matenda. Nkhaniyo itamveka, pulogalamu inaleka kugwiritsidwa ntchito. Pothetsa mlandu, Office Depot inavomera kupereka madola 25 miliyoni, ndipo Support.com madola 10 miliyoni. M'chaka cha 2020 ndalamazo zinagawidwa kwa anthu oposa 540,000. Anthu a m'midzi adziwa bwino za sing'anga wonyenga amene amayamba wafunsa mavuto a pabanja, kenaka nanena kuti ula waona zomwezo, kuti apatsidwe nkhuku. Chinyengo cha m'masitolo aja chinali cha mtundu womwewo.

Mlandu wa ku Australia

Mlandu wachitatu ndi wa mitengo. Kogan ndi kampani ya ku Australia yogulitsa zipangizo za magetsi ndi katundu wina pa intaneti. Kumapeto kwa Juni, 2018, inalengeza kuti kwa masiku owerengeka yatsitsa mitengo ndi 10 pa 100 iliyonse, ndipo inakumbutsa anthu kuti nthawi ili kutha. Koma kutatsala pang'ono kuti kutsitsako kuyambe, inakweza mitengo ya mitundu 621 ya katundu, yambiri ndi 10 pa 100 kapena kuposa, ndipo masiku aja atatha inaitsitsanso. Bungwe loteteza ogula la Australian Competition and Consumer Commission linaisumira, ndipo m'chaka cha 2020 khoti linailamula kupereka madola 350,000 a dzikolo.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana machenjera amenewa pa bolodi. Chinthu cha madola 100 chikakwezedwa ndi 10 pa 100 chimafika madola 110. Akachotsapo 10 pa 100, ndiwo madola 11, chimatsala madola 99. Wogula aganiza kuti wapulumutsa madola 11, pamene wapulumutsa dola imodzi yokha. Ndipo ngati anakweza moposa pamenepo, wogula alipira zambiri kuposa zimene akadalipira popanda kutsitsa konse.

Kutama katundu ndi kunyenga n'zosiyana

Palibe cholakwa kuti wamalonda atame katundu wake. Wogulitsa tomato amaika wofiira pamwamba, naitana anthu ndi mawu okoma, naonjezera basera, ndipo palibe amene amamuyesa wakuba. Phindu nalonso si tchimo, pakuti mwini sitolo alipira lendi, msonkho ndi antchito, ndipo ayenera kudyetsa banja lake. Malire ali pa funso limodzi: kodi wogula akadadziwa zonse zimene wogulitsa adziwa, akadagulabe pa mtengo umenewo? Ngati akadagulabe, malondawo ndi abwino. Ngati wogulitsa adziwa mumtima mwake kuti munthuyo akadabwerera, ndipo chifukwa chake abisa kanthu kapena amfulumizitsa, pamenepo ndalama zimene walandira sanazipeze mwachilungamo. Wogula sanavomere zenizeni, wavomera chithunzi chimene wogulitsa wamuikira m'mutu.

Amalonda onyenga ali ndi zifukwa zimene amadzitchinjiriza nazo, ndipo nkofunika kuziyesa chimodzi ndi chimodzi.

Choyamba amati: "Ine sindinaname." Koma munthu angathe kusocheretsa mnzake popanda kunena bodza ngakhale limodzi. Wogulitsa ng'ombe amene adziwa kuti ili ndi nthenda, nangotama nyanga zake ndi mtundu wake, mawu ake onse ndi oona, komabe bwalo la mfumu lidzampeza wolakwa. Chomwecho wogulitsa foni amene atama kukongola kwake, nakhala chete za batire limene adziwa kuti silisunga moto. Si zonse zimene ayenera kunena, koma chinthu chimene chingasinthe maganizo a wogula sayenera kuchibisa.

Chachiwiri amati: "Wogula ali ndi maso ake, adzionere yekha." Mawu amenewa ali ndi mphamvu pa mbuzi ndi pa nsalu, pamene maso angathedi kuona. Pa zipangizo za magetsi alibe mphamvu. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuyu munthu angathe kuung'amba asanadye, koma batire sangaling'ambe. Pamene wina adziwa zambiri ndipo wina sangathe kudziwa, udindo waukulu uli pa wodziwayo. Nchifukwa chake chinyengo chotere chimagwera kwambiri okalamba, osaphunzira ndi alendo ochokera kutali, amene sangabwerenso mawa kudzadandaula. Kudyera munthu chifukwa cha kusadziwa kwake kuli ngati kulanda ndodo ya wakhungu.

Chachitatu amati: "Pamsika timanenerera, mtengo woyamba suli weniweni." Nzoona, koma ponenerera onse awiri adziwa mwambo wake. Wogulitsa atchula zambiri, wogula atchula zochepa, nakumana pakati, ndipo palibe wonyengedwa. Kulemba mtengo wakale wabodza ndi kuudula ndi mzere, kapena kunena kuti chatsala chimodzi chokha pamene kuseri kuli makatoni, ndi chinthu china. Apo wogulitsa ali kupereka umboni wonama kuti munthu asapeze nthawi yoganiza kapena yofunsa pa sitolo ina.

Chachinayi amati: "Onse amatero, ndikapanda kutero ndigwa." M'chaka cha 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba za msika wa magalimoto akale, naonetsa chimene chimachitika pamene ogula sangathe kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Popeza aopa kunyengedwa, safuna kupereka mtengo wabwino pa chilichonse. Tsono mwini katundu wabwino aona kuti sapindula, nachoka pamsika, ndipo pamatsala oipa okhaokha. Chifukwa cha maphunziro amenewa iye analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2001. Zimenezi zioneka pa malonda a sola. Banja limodzi likagula nyali imene yafa patangopita mwezi, mudzi wonse umati sola ndi yachabe, ndipo wogulitsa nyali zolimba asowa omugula. Wonyenga mmodzi amabera wogula wake, naberanso amalonda anzake oona mtima.

Chachisanu chimanenedwa ndi wantchito wa m'sitolo: "Ndatumidwa, ndipo malipiro anga adalira zimene ndagulitsa." Chifukwa chimenechi ndi cholemera, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Mnyamata kapena mtsikana amene auzidwa kuti akapanda kugulitsa zakutizakuti achotsedwa ntchito ali pa mpanipani weniweni. Milandu ya ku Britain ndi ku America ionetsa kuti cholakwa chachikulu chili pa akuluakulu amene amakonza maphunziro a antchito, kuika miyeso ya malonda, ndi kutseka makutu pamene madandaulo afika. Nchifukwa chake chindapusa chinagwera makampani. Komabe wantchito sali ngati khasu limene lilibe maganizo. Iye ndiye ayang'ana wogula m'maso. Ndipo pa milandu yonse iwiri, chinyengo chinadziwika chifukwa anthu ena a m'kati anakana kukhala chete. Wantchito wokayika adzifunse ngati angawauze mawu omwewo amayi ake omubala atalowa m'sitolomo ndi ndalama zawo za mtedza.

Mitundu ya chinyengo imene wogula wa kumudzi akumana nayo

M'misika ndi m'masitolo aang'ono machenjera ake ndi ena, koma muzu wake ndi womwewo. Pali foni yakale imene yavekedwa chikuto chatsopano ndi kugulitsidwa ngati yatsopano. Pali katundu wolembedwa dzina lofanana ndi la kampani yotchuka, losiyana chilembo chimodzi chokha. Pali memori khadi yolembedwa kuti isunga zambiri pamene isunga zochepa, ndi panelo ya sola yolembedwa mawati ambiri kuposa mphamvu yake yeniyeni. Palinso kuitana anthu ndi chinthu chotsika mtengo, ndipo akafika kuwauza kuti chatha, koma pali china chodula. Mafoni achinyengo anachuluka kwambiri m'maiko ena kufikira maboma anawadula kuti asagwirenso ntchito, ku Kenya m'chaka cha 2012 ndi ku Tanzania m'chaka cha 2016. Amene anataya ndalama pa tsikulo anali ogula, ambiri a iwo osadziwa kuti anagula chabodza.

Malonda olipira pang'onopang'ono afunikanso kusamala. Ndi njira yabwino imene yathandiza mabanja ambiri kupeza magetsi a sola ndi mafoni, ndipo nkoyenera kuti wolipira pang'onopang'ono apereke zochulukirapo. Choipa ndi kubisa chiwerengero chonse. Nachi chitsanzo cha masamu chabe: chipangizo cha K100,000 polipira nthawi imodzi chigulitsidwa pa K20,000 poyamba ndi K500 tsiku lililonse kwa chaka chathunthu. K500 imveka yochepa, koma pa masiku 365 ikwana K182,500, ndipo pamodzi ndi zoyamba zija zonse zikhala K202,500. Wogulitsa woona mtima atchula chiwerengero chimenechi poyera, nafotokozanso chimene chidzachitika munthu akalephera kulipira mwezi wa njala.

Zimene malamulo anena

Pa 15 Malichi, 1962, Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America anatchula maufulu anayi a wogula: kutetezedwa ku katundu woopsa, kuuzidwa zoona, kusankha, ndi kumvedwa akadandaula. Nchifukwa chake tsiku la 15 Malichi limakumbukiridwa chaka ndi chaka monga tsiku la ogula pa dziko lonse.

M'Malawi muli lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003, ndiponso la Competition and Fair Trading Act la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 1998. Malamulowa aletsa kusocheretsa ogula. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu amene anyengedwa pa malonda, ndipo la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, liyang'anira ubwino wa katundu. Masitolo ena amapachika chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Chikwangwani chotere sichichotsa udindo wa wogulitsa pa katundu amene anali woonongeka kale. Ku Zambia lamulo la 2010 liletsa ngakhale kuchipachika kumene. Amene amakagula ku Johannesburg adziwenso kuti lamulo la South Africa la Consumer Protection Act la 2008 lilola wogula kubweza katundu wolakwika isanathe miyezi 6, ndipo wogulayo ndiye asankha ngati amukonzere, amupatse wina, kapena amubwezere ndalama.

Koma lamulo limafika pambuyo, ndalama zitapita kale. Pa mlandu wa ku Britain panapita zaka zoposa 10 kuchokera pamene zolakwa zinayamba kufikira tsiku la chindapusa. Chitetezo choyamba chili pa wogula mwini.

Zimene wogula ayenera kuchita

Safunsa anadya phula. Munthu asanachoke kumudzi afunse anzake amene ali nacho chinthu chotero, kuti adziwe mtengo wake ndi kulimba kwake. Akafika ku tauni aone masitolo awiri kapena atatu asanatulutse ndalama. Wogulitsa akamfulumizitsa, ndiye nthawi yoyenera kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chipangizo chiyesedwe m'sitolo momwemo, iye ali kuona. Wailesi ilankhule, nyali iyake, foni iimbe ndi kulandira moto pa chaja. Pa foni atchaye *#06#, ndipo padzaoneka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Nambalayo ilingane ndi imene yalembedwa pa katoni. Ikasiyana, asagule.

Alandire lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa katundu ndi mtengo wake. Lonjezo lililonse, monga lakuti adzakonza kwaulere chikaonongeka isanathe miyezi yakuti, lilembedwe pa pepala, pakuti lonjezo la pakamwa lilibe mboni. Asasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sanaliwerenge. Wosadziwa kuwerenga atenge mwana wa sukulu kapena mnansi wodalirika. Akauzidwa kuti aonjezere ndalama za chinthu china chimene sanabwerere, monga inshuwalansi, afunse chimene chidzamchitira, ndipo akhale womasuka kukana.

Akaona kuti wanyengedwa, abwerere ku sitolo msanga ndi katundu, katoni ndi lisiti, nalankhule ndi mwini wake mwaulemu. Zikakanika, apereke dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission. Ambiri amachita manyazi, naopa kusekedwa kuti anapusa. Manyazi ayenera kukhala a wonyenga. Wodandaula amatchinjiriza anthu ena amene akadagwa m'mbuna yomweyo.

Kwa achinyamata amene ayamba malonda a mafoni ndi sola m'misika ya kumidzi, phunziro ndi lakuti wogula wa kumudzi sagula kamodzi kokha, ndipo sakhala chete. Amauza abale ake, a mpingo wake ndi a kalabu yake ya alimi. Wamalonda amene anena poyera kuti foni iyi ndi yakale koma ili bwino, kapena kuti panelo iyi singathe kuyendetsa wailesi ya kanema, mwina ataya malonda a tsiku limenelo, koma anthu a mudzi umenewo adzamfunafuna chaka chamawa akagulitsa mbewu zawo.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi pa misonkhano ya m'midzi

1. Kodi kugula wailesi kusiyana bwanji ndi kugula mbuzi? Chifukwa ninji udindo wa wogulitsa uli waukulu pa wailesi?

2. Pa mlandu wa ku Britain, ogula ankauzidwa kuti angathe kuthetsa pangano asanathe masiku 14, ndipo zimenezi zinali zoona. Nanga cholakwa chinali pati?

3. Chinthu cha K50,000 chakwezedwa ndi 20 pa 100, kenaka chatsitsidwa ndi 10 pa 100. Kodi wogula alipira zingati? Wapindula kapena wataya?

4. Wantchito wa m'sitolo wauzidwa ndi bwana wake kuti azinena kuti mafoni akale ndi atsopano. Ali ndi ana atatu ndipo ntchito ndi yosowa. Kodi achite chiyani? Ndani ali ndi mlandu waukulu?

5. Kodi wamalonda wonyenga amawaononga bwanji amalonda anzake oona mtima?

Aphunzitsi apemphedwa kuwerengera ana a makalasi aakulu phunziro limeneli, ndi kuwalimbikitsa kuti akafotokozere makolo awo nyengo yogulitsa mbewu isanafike.